Fodya wa Doña Ercilia, Nkhope ya Wometa Tsitsi

Doña Ercilia Talavera analowa m'fakitale ya fodya ali ndi zaka khumi ndi zinayi. Anatulukamo patapita zaka makumi anayi ndi zisanu, akadali pa benchi ya osankha masamba, pafupi ndi zenera lomwe anayambirapo. Ine ndinawapeza pamenepo nditangoyamba ntchito, ndipo kwa zaka makumi atatu ndinkadutsa kumbuyo kwawo m'mawa uliwonse popita pa tebulo langa.

Dzina langa ndine Fulgencio Rugama, koma mu Estelí muno aliyense amangoti Chencho. Ndimapichira puro, ndudu zazikulu za masamba okhaokha zimene tawuni yathu imadyera. Gawo langa ndi la m'kati: kusanja masamba m'dzanja, kuwakulunga, kuika m'chikombole. Tsamba lakunja losalala amavekera ndi mnzanga wa pambali. Ntchitoyi ndimaitha, koma sindinganame kuti fodya ndimamudziwa monga ankamudziwira Doña Ercilia.

Iwo akatenga tsamba ankalitambasula pa bondo, kulisisita ndi chala, kenako kulinunkhiza. Basi. Ankakuuza ngati lachokera ku Jalapa, ku Condega kapena m'minda ya kuno, ngati linathyoledwa m'munsi mwa tsinde kapena kunsonga, ndi miyezi imene lakhala pa mulu likuvundikidwa. Tsiku lina ife a ku matebulo tinafuna kuwakola. Tinatenga tsamba la ku Jalapa n'kuligoneka masiku atatu m'kati mwa belo la ku Condega. Atalinunkhiza anati, "Ili ndi la ku Jalapa, koma lagona kwa eni. Chencho, uli ndi ana atatu, uzichita manyazi."

Akapitawo ankadziwa zimenezi. Nthawi ya nkhomaliro, ife tikudya mpunga wa nyemba pansi pa mtengo wa mango, unkaona kapitawo akuzemberera ku benchi ija ndi timasamba m'thumba la malaya. "Mayi, tandinunkhizirani aka. Mulu wake tiupasule kapena udikire?" Iwo ankayankha, kapitawo n'kukwera pamwamba kukauza bwana ngati nzeru zake. Atatu mwa akapitawo amenewa anakwezedwa n'kukhala osakaniza fodya, anthu amene amalamula kuti mu puro wakuti mulowe masamba akutiakuti. Anavala zipewa zoyera, anakwera ndege, zithunzi zawo zinatuluka m'magazini a kunja.

Doña Ercilia anapemphako kamodzi kokha. Amuna awo anali atafera kumapiri pa nkhondo ya pachiweniweni ya dziko lathu, kuwasiyira mwana wakhanda, Idalia. Anakwera masitepe n'kuuza bwana kuti ntchito yosakaniza angaithe. Bwanayo sanatsutse. Anangoti, "Mayi, wosakaniza fodya amayenda ndi alendo, amakhala nawo pa mowa, amaseka nawo. Inuyo mungakhale pamenepo?" Anatsika, anakhala pa benchi, ndipo nkhaniyo sanaitchulenso. Tsiku lopuma ntchito anawagulira keke ndi wotchi ya pakhoma, bwana wina watsopano n'kuimirira kuyamikira khama la "Doña Emilia".

Chimene chinali chawochawo chinali m'chipinda cha kumbuyo kwa nyumba yawo. Mchimwene wawo, Nicasio, anali ndi kamunda ku Condega, m'mbali mwa phiri, dothi lofiira lamiyala limene alimi akuluakulu ankalinyoza. Fodya wa pamenepo ankatuluka wa masamba ang'onoang'ono, okhuthala, akuda. Chaka chilichonse Nicasio ankawapatulira mitolo ingapo. Iwo ankaunjika kamulu m'chipindamo, kufunditsa masaka, ndipo m'mawa uliwonse ankapisa dzanja m'kati kuti amve kutentha. Kukatentha kwambiri ankapasula n'kuunjikanso, za m'kati kunja, za kunja m'kati. Zaka ziwiri zathunthu, osachotserapo sabata.

Lamlungu lililonse tikaweruka ku Misa ndinkapita kwawo. Iwo ankasankha masamba, ine n'kupichira, iwo n'kuvekera lakunja. Awiri atsopanowo tinkasunga, n'kutulutsa awiri amene tinapichira miyezi itatu yapitayo. Tinkakhala pakhomo ndi khofi wakuda, kumasuta, kumajeda anthu odutsa. Mkazi wanga ankati, "Pitani kwa akazi anu aakuluwo, koma malaya onunkhawo musalowe nawo muno."

Norlan Zeledón anabwera Doña Ercilia atakhala pakhomo zaka zitatu. Amayi ake, malemu Pastora, ankasankha masamba pa benchi imodzi ndi iwo, ndipo pa ubatizo wake anamunyamula ndi Doña Ercilia. N'chifukwa chake ankawatchula kuti madrina, kutanthauza amayi a ubatizo. Anapita ku Miami ali wamng'ono, n'kubwerera ali bambo wa ndevu zosamalidwa, pa galimoto yobwereka, chilankhulo chathu chikumuterera pang'ono pakamwa. Anatipeza Lamlungu pakhomo paja. Doña Ercilia anagwetsa misozi pomukumbatira, kenako anamupatsa puro amene anali woti ndisute ine.

Anakoka katatu n'kuyang'anitsitsa phulusa.

"Madrina, uyu mwagula kuti?"

"Ndigule ndi chiyani? Ukundiona ngati mwana wa nduna?"

"Ndiye wapanga ndani?"

"Ine ndi mlesi uyu," anatero akundiloza ndi milomo.

Norlan anafotokoza kuti iye ndi mnzake wina wa ku Miami akufuna kutsegula kafakitale kakang'ono, matebulo asanu ndi limodzi basi, kopanga puro wochepa koma wapamwamba, wa anthu amene atopa ndi mayina akuluakulu. Nyumba anali ataipeza kale, ogula analipo. Chimene analibe ndi puro weniweniyo.

"Ndiphunzitseni uyu, madrina. Dzina lanu lidzakhala pa bokosi, dziko lonse lidzaliwerenga."

"Dzina langa alitani azungu? Sangalitchule n'komwe."

"Adzaphunzira."

Anamuseka, n'kumuuza kuti amalize khofi asanazizire. Koma pamene ndinkatsanzika ndinaona atatulutsa epuloni yawo ya buluu ya ku fakitale, akuifunafuna pong'ambika.

Norlan anandilemba ntchito inenso, ndipo ndinasiya fakitale yaikulu. Kwa miyezi isanu ndi itatu Doña Ercilia ankayenda wapansi m'mawa uliwonse kupita ku kafakitale kaja, maondo akuwawa choncho. Kupanga awiri a Lamlungu ndi kupanga masauzande ofanana n'zosiyana. Anamutengera Norlan ku Condega kwa Nicasio, anamutengera ku Jalapa kukasankha tsamba lakunja, anamuonetsa mabelo oti agule ndi oti awalambalale. Fodya wawo yense wa m'chipinda cha kumbuyo, wa zaka zisanu, anamupereka. Tinasakaniza maulendo makumi atatu ndi kamodzi. Iwo ankayatsa, kukoka pang'ono, n'kuika pansi.

"Uyu akukanda kukhosi. Chotsani theka la tsamba lakunsonga."

"Uyu wayamba bwino, koma pakati alibe mawu."

"Uyu mukapatse apolisi."

Norlan ankalemba chilichonse m'kope, ngakhale nthabwala zimene. Lamulo limene ankamubwerezera tsiku ndi tsiku linali limodzi: "Tsamba lakuda la Nicasio lisalowe lisanakwane zaka ziwiri. Ukadzafupikitsa, usadzanene kuti ndinakuphunzitsa ndine."

Sindinawaonepo osangalala ngati miyezi imeneyo. Antchito ankawatchula kuti aphunzitsi. Norlan anawagulira mpando wa khushoni woyezamira, iwo n'kumadandaula kuti ukuwagonetsa tulo, koma munthu wina akaukhalira ankamuchotsapo.

Tsiku lina m'mawa, Norlan ali ku Managua, kunabwera mabokosi a mkungudza ndi makatoni a timalamba ta pepala tomanga pa puro. Tinatsegula tonse pamodzi, tikulimbirana. Pa kalamba kalikonse panali nkhope ya bambo wa chipewa cha mlaza, pansi pake zilembo za golide: Don Casimiro, 1948. M'kati mwa chivundikiro cha bokosi munali nkhani ya m'Chingelezi. Mayi wina wovekera masamba, amene anakhalako kunja, anatimasulira. Akuti Don Casimiro Zeledón anali mlimi wa fodya wotchuka m'chigwa chonse, ndipo chinsinsi cha kasakanizidwe kake anachibisa m'kabuku kamene mdzukulu wake wachita kukafukula m'sutikesi.

Tinayang'anana. Kenako bambo wina wachikulire anayamba kuseka mpaka anatsamira khoma. Don Casimiro tonse akuluakulu tinkawadziwa. Anali wometa tsitsi kuseri kwa msika, wodwala mphumu, ndipo munthu akalowa m'shopu mwawo ndi ndudu pakamwa ankamuthamangitsa ndi thaulo. Chipewa cha pa chithunzicho anachita kuwaveka pa kompyuta.

Doña Ercilia sanaseke. Anatenga bokosi limodzi, analiyandikiza kumaso, anayang'ana chivundikiro, m'mbali zonse zinayi, kunsi. Anatsegulanso n'kusuzumira m'kati. Atatha analiika pa tebulo bwinobwino n'kukakhala pa mpando wawo mpaka Norlan anafika masana.

"Norlan, agogo ako anayamba liti kulima fodya?"

"Madrina, khalani pansi ndikufotokozereni."

"Ndakhala kale."

"Si ine, ndi mnzanga uja. Akuti kumeneko anthu amagula nkhani. Amafuna agogo aamuna, munda, chaka chakalekale. Mayi wosankha masamba m'fakitale ya eni, akuti sizingayende malonda."

"Iwe unati chiyani?"

"Ndinayesetsa, madrina. Wachiwiri tidzamutcha dzina lanu, ndikulonjeza."

"Ndakufunsa kuti iwe unati chiyani."

Norlan anayang'ana foni yake ngati yalira. Iwo anamasula epuloni, anaipinda, n'kutuluka. Mawa lake Norlan anawatumizira dengu la zipatso ndi botolo la mowa wa ramu. Iwo anagawira aneba.

Ine sindinachoke. Pa tebulo langa la ku fakitale yaikulu anali atalembapo kale munthu wina, ndipo mwana wanga wotsiriza anali akadali pa sukulu. Ndinawauza Doña Ercilia zimenezi, iwo anati, "Ndakufunsa ine?"

Nyengo yokolola itakwana Doña Ercilia anakwera basi ya ku Condega ndi thumba lawo la nthawi zonse. Anamupeza Nicasio m'chigafa, ndipo akuti sanawayang'ane kumaso. Anali atasainira pepala kuti fodya yense wa m'munda uja, kwa zaka zisanu, ndi wa Norlan, osatulutsa ngakhale tsamba limodzi.

"Achemwali, denga ili mukuliona. Zaka zonsezi palibe anafunapo fodya wanga. Komanso mwana ameneyu munabwera naye ndinu."

"Mitolo iwiri yokha, Nicasio."

"Amabwera kudzawerenga mikangala. Akapeza yaperewera, pepala latha."

Anabwerera ndi chizi ndi mazira m'thumba lija.

Puro uja Norlan anamukhazikitsa pa bwalo la hotelo ina, Loweruka masana, ndi oimba magitala ndi nyama yootcha. Doña Ercilia sanaitanidwe. Ine anandiveka malaya oyera ndi chipewa, n'kundikhazika pa katebulo pakati pa alendo kuti ndizipichira iwo akujambula. Panali mzungu wina wonenepa wolemba m'magazini, amene ankatsinzina akamakoka utsi, n'kumalemba m'kabuku. Anandifunsa kudzera mwa womasulira ngati Don Casimiro ndinkawadziwa.

"Kwambiri," ndinatero. "Anandigwirapo mutu kambirimbiri."

Womasulira anamuuza kuti ankandidalitsa. Mzungu uja analemba.

Alendo akubalalika, Norlan anandikokera pambali n'kundipatsa puro mmodzi wa m'kabotolo ka galasi. "Don Chencho, mukawapatse madrina. Mukawauze kuti..." Sanamalize. Wina anamuitana, iye n'kupita akumwetulira.

Lamlungu ndinawapeza pakhomo, khofi ali pa mbaula, manja ali pa maondo. Ndinaika kabotolo kaja pa mpando wa pakati pathu.

"Waba?"

"Wakutumizirani."

"Mmodzi?"

"Mmodzi."

"Wadzipweteka mwanayu."

Ndinkaganiza kuti aponya mu ngalande. Anatsegula, anamutulutsa, anamugubuduza pakati pa zala pafupi ndi khutu, kenako anamununkhiza kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Wapichira ndiwe. Kumutu wathinitsa pang'ono, monga mwa masiku onse."

"Ndichotse kalambako?"

"Asiye a Casimiro. Aone nawo ntchito yawo."

Anadula nsonga ndi mpeni wawo wakale wa ku fakitale, anayatsa machesi, anadikira kuti fungo la machesi lithe, n'kuwotcha kumapeto pang'onopang'ono akuzunguza. Anakoka. Utsi anausunga m'kamwa, n'kuutulutsa theka pakamwa, theka m'mphuno. Basi ya ku Jalapa inadutsa, mayi wogulitsa chimanga chootcha anatipatsa moni, iwo anangogwedeza mutu. Phulusa linakula loyera, lolimba, kutalika ngati chala, osagwa.

Atafika pakati anandipatsira. Poyamba panali katsabola pa nsonga ya lilime, kenako kanazimirira, n'kubwera kukoma kwa khofi wokazinga ndi shuga wa nzimbe wopserera pang'ono. Kukhosi kunali myaa. Tsamba lakuda la Nicasio linkamveka pansi pa zonsezo, lolemera, losafulumira. Anali puro wathu wa Lamlungu uja, koma wokhwima kuposa onse amene tinapichirapo pakhomopo. Ndinawabwezera.

Anasuta ola lathunthu ndi theka. Moto utayandikira kalamba sanakasunthe. Chipewa cha Don Casimiro chinayamba kuda, pepala n'kununkha, ndipo m'pamene anamuika pansi.

"Palibe cholakwika," anatero. "Ndafufuza kuyambira poyamba mpaka pano. Palibe."

"Ndi wanu, Doña Ercilia. Tawuni yonse ikudziwa."

"Tawuni yonse inkadziwanso kale. Zinandithandiza chiyani?" Anamwa khofi wozizira uja. "Ndikanakonda akanakhala woipa, Chencho. Bwenzi mtima uli m'malo. Usadzabweretsenso wina."

Mabokosi oyambawo anatha m'miyezi iwiri. Mzungu uja anawayamikira m'magazini yake, ndipo ogula anayamba kuimba foni usana wonse. Fodya wa zaka ziwiri anali atatha. Wotsatira anali ndi miyezi khumi ndi umodzi pa mulu, ndipo Norlan analamula kuti apasulidwe. Nditangotsegula mtolo woyamba, fungo linandilasa m'mphuno ngati la m'khola la mahatchi.

"Bwana Norlan, tsamba ili silinapse."

"Don Chencho, anthu akudikira. Akatopa apita kwa ena."

"Madrina anu anati zaka ziwiri."

"Madrina sali pano. Pichirani."

Ndinapichira. Lamlungu ndinakawauza Doña Ercilia, ndipo kwa nthawi yoyamba chichokereni ku kafakitale kaja maso awo anawala.

"Miyezi khumi ndi umodzi? Amubwezera mabokosi onsewo. Adzabwera pano, ndipo chitseko ichi sindidzatsegula."

Anatero, koma masabata otsatirawo ndinkapeza pakhomo posesa bwino, iwo atavala diresi ya ku tchalitchi ngakhale pakati pa sabata, ndipo galimoto ikaima mu msewu ankatembenuka. Mawu oti adzamuuze anali atawakonza kale, ena anandiyeserapo ine.

Norlan sanabwere. Bokosi silinabwerere ngakhale limodzi. Achiwiriwo anayenda malonda kuposa oyamba, ndipo mzungu yemwe uja analemba kuti chaka chino Don Casimiro wabwera ndi mphamvu zoposa kale. Ndinazengereza masabata awiri ndisanawauze. Nditawauza anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Ndiye kuti sakusiyanitsa?"

"Sakusiyanitsa."

"Onsewo? Ndi wolemba uja?"

"Onse."

"Unamulawa iwe?"

"Ndinamulawa. Akuluma kukhosi, ndipo pakati akuwawa ngati mankhwala."

Anagwedeza mutu. Nkhani ya kalamba ija inawakwiyitsa, koma iyi inawathyola. Munthu amene anandiphunzitsa kuti sabata imodzi pa mulu imasintha tsamba anakhala pamenepo, akuyang'ana manja ake, n'kunena motsitsa kuti, "Ndiye ndinkapisa dzanja m'mawa uliwonse chifukwa cha ndani?" Ndinawathirira khofi, iwo sanamwe.

Kuyambira pamenepo Malamulungu athu anayamba kufupika. Ndinayesa kuwabweretsera masamba a ku msika, iwo anati ndisavutike. Chipinda cha kumbuyo anachisesa, masaka anapatsa munthu wogulitsa makala. Chaka chisanathe Idalia anabwera kudzawatenga. Amakhala ku San José, ku Costa Rica, m'nyumba yosanja ya pamwamba, ndipo ankafuna munthu womuyang'anira ana iye ndi mwamuna wake akapita ku ntchito. Nyumba ya kuno anabwereketsa kwa wokonza njinga zamoto. Ndinawanyamulira sutikesi mpaka pa depoti. Norlan anamva, n'kutumiza uthenga pa foni wowafunira ulendo wabwino, wa timaluwa ndi timitima.

Pano Norlan ali ndi matebulo makumi anayi, ndipo akumanga nyumba ina kuseri. Ine wandikweza, ndine kapitawo. Alendo akabwera ndimawayendetsa, ndimawaonetsa milu, ndimayankha mafunso awo monga anandiuzira.

Doña Ercilia ndimawaimbira kamodzi pa mwezi. Amafunsa amene wamwalira, amene wakwatiwa, ngati wansembe uja akadalalikira nthawi yaitali. M'nyumba imene akukhalayo saloleza kusuta, ngakhale pa khonde. Mwezi watha ndinawauza kuti ndapeza mlimi wina ku Pueblo Nuevo wa tsamba lakuda labwino, ndipo ndikhoza kuwatumizira pang'ono kuti angonunkhiza, andiuze maganizo awo. Kumbuyo kwawo kunkamveka katuni pa wailesi ya kanema ndi mwana akulira.

"Chencho, mpunga ukupserera," anatero, n'kudula foni.